Mitundu ya Bungwe pa Tchati cha Ziwerengero: Nkhani Yokambidwa ku Songani



Mwandipempha kuti ndikambe za momwe munthu angaikire mitundu ya kampani kapena ya bungwe lake pa matchati, osati pochita kudinadina pamanja koma polemba khodi. Ena angaone ngati nkhaniyi ndi ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre, koma iwo aiwala kumene tikukhala. Mukakwera minibasi pano pa Songani kulowera kumwera, mufika ku Zomba kumene kuli likulu la National Statistical Office, kuli MANEB, kulinso University of Malawi. Mukalowera kumpoto pang'ono muli pa Domasi, pamene pali Malawi Institute of Education, kumene amakonza mabuku omwe mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amaoneramo tchati koyamba m'moyo wake. Ziwerengero zambiri za dziko lino zimaphikidwa m'boma lathu lino. Kalembera wa 2018 atapeza kuti tilipo 17,563,749, nambala imeneyi inatulukira kuno.

Tiyambe ndi chimene bwana amakupatsani. Bungwe lililonse lokhazikika limakhala ndi kabuku kofotokoza maonekedwe ake: logo ikhale pati, zilembo zikhale za fonti yanji, mitundu ikhale iti. Mitunduyo salemba kuti "wabuluu" kapena "wofiira" chabe, chifukwa buluu alipo wambirimbiri. Amalemba nambala ya zilembo zisanu ndi chimodzi yoyamba ndi chizindikiro cha #. Zilembo ziwiri zoyamba zimanena kuchuluka kwa kuwala kofiira, ziwiri zapakati kobiriwira, ziwiri zomaliza kwabuluu. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi makwerero 256, ndiye mukachulukitsa mupeza mitundu 16,777,216. Mwachitsanzo #FF0000 ndi wofiira weniweni, #000000 ndi wakuda, #FFFFFF ndi woyera. Nambalayi ndi imene kompyuta imamva. Wina akakuuzani kuti "ingoyang'ana pa logopo uyerekeze", mukanireni mwaulemu, chifukwa sikirini yanu ndi yake sizionetsa mofanana.

Pa zida, ambiri a inu mumagwiritsa ntchito Excel, ndipo sindikuinyoza. Koma lero tikukamba za R ndi Python, zomwe ndi zaulere, ndipo mukaziika kamodzi pakompyuta zimagwira ntchito popanda bando. Mu R muli phukusi lotchedwa ggplot2, lomwe a Hadley Wickham anatulutsa mu 2007 potsatira maganizo a m'buku la a Leland Wilkinson la 1999. Mu Python muli Matplotlib, yomwe a John Hunter anayamba mu 2003. Amene mumagwiritsa ntchito Stata muli ndi zomwe amati scheme. Mayina ndi osiyana, koma nzeru yake ndi imodzi.

Nzeruyo nayi, ndipo ngati mungaiwale zina zonse lero, iyi yokha isakuchokeni. Tchati chili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi zonse zomwe sizinena kanthu za nambala: mutu, fonti, mtundu wa pepala la kumbuyo, timizere tothandiza diso, malo a logo. Mu ggplot2 zambiri mwa zimenezi zimalamulidwa ndi theme(). Mbali yachiwiri ndi mitundu yomwe imanyamula tanthauzo: mzati uwu ndi wa anyamata, uwo ndi wa atsikana, boma ili mwadera kwambiri muli malungo ambiri. Imeneyi imalamulidwa ndi malamulo oyamba ndi scale, monga scale_fill_manual() ndi scale_colour_manual(). Amene anakonza pulogalamuyi analekanitsa dala ziwirizi. Mbali yoyamba ndi ya bwana, mpatseni yonse mosanyinyirika. Mbali yachiwiri ndi ya wowerenga, ndipo pamenepo mpofunika kukokanakokana.

Ntchito ya theme ili ngati kusoka yunifolomu ya sukulu. Telala akadula patani imodzi, mwana aliyense akavala amadziwika kuti ndi wa sukulu yakuti, kaya ndi wamtali kaya wamfupi. Inunso mulembe fayilo imodzi, mutha kuitchula maonekedwe.R, muikemo fonti, kukula kwa zilembo, mtundu wa mutu ndi zina zotero. Pamwamba pa ntchito iliyonse muitane fayiloyo ndi source(), kenaka theme_set(). Kuyambira pamenepo tchati chilichonse chituluka chitavala kale. Ku Python mumalemba fayilo yothera ndi .mplstyle n'kuiitana ndi plt.style.use(). A BBC anachita zomwezi: atolankhani awo a ziwerengero analemba phukusi lawo la R lotchedwa bbplot, ndipo mu 2019 analitulutsa poyera kuti aliyense alione. Aliyense wa inu angathe kulitsegula n'kuona kuti mulibe matsenga, ndi mizere yochepa chabe.

Phindu lake limaoneka tsiku losintha zinthu, ndipo kuno kwathu zinthu zimasintha. Mbendera ya dziko inasinthidwa mu 2010, n'kubwezeretsedwanso mu 2012. Mu 2021 University of Malawi inagawanika: Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala KUHeS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina lakale la University of Malawi. Bunda anali atachoka kale n'kukhala LUANAR. Sukulu yatsopano imafuna logo yake ndi mitundu yake. Taganizani za munthu amene ali ndi lipoti la matchati 60 omwe anawapaka pamanja, chimodzichimodzi. Ameneyo agona muofesi. Mnzake amene analemba mitundu pamalo amodzi asintha mizere itatu, ayendetsanso khodi, n'kupita kukamwa tiyi. N'chifukwa chake ndikuti nambala ya mtundu isamabalalike m'khodi yanu. Ilembeni kamodzi, ipatseni dzina, ndipo kwina konse muzitchula dzinalo.

Pali msampha wina waung'ono umene umagwira anthu ambiri, ndiye ndichedwepo pang'ono. Tinene kuti mukujambula zigawo zitatu za dziko. Mukapatsa ggplot2 mitundu itatu popanda kunena kuti uti ndi wa chigawo chiti, iyo igawa motsatira alifabeti: woyamba kwa Kumpoto, wachiwiri kwa Kumwera, wachitatu kwa Pakati. Patsamba lotsatira mwajambula tchati chimene mulibe chigawo cha kumpoto. Tsopano Kumwera kwatenga mtundu woyamba, umene patsamba lapitalo unali wa Kumpoto. Kompyuta siidandaula, siichenjeza. Wowerenga amene anali ataloweza kale mitunduyo awerenga zolakwika, ndipo sadziwa kuti walakwitsa. Mankhwala ake ndi kumangirira dzina ku mtundu:

mitundu <- c(Kumpoto = "#0072B2", Pakati = "#E69F00", Kumwera = "#009E73")

ndipo pa tchati chilichonse mulembe

scale_fill_manual(values = mitundu)

Mukatero chigawo chilichonse chisunga mtundu wake kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ngakhale anzake asowe.

Tsopano tifike povuta. Mitundu ya kampani anaisankha ndi anthu otsatsa malonda. Cholinga chawo chinali choti chikwangwani chioneke munthu ali m'galimoto yothamanga pamsewu wa M3, kapena kuti ambulera ya wogulitsa mayunitsi idziwike pakati pa msika. Sanaganize za ziwerengero, ndipo sinali ntchito yawo. Nthawi zambiri amakupatsani mitundu iwiri kapena itatu yowala kwambiri, yolimbirana diso. Koma ziwerengero zimafuna mitundu malinga ndi chikhalidwe chake. A Cynthia Brewer, katswiri wa mapu wa ku Pennsylvania State University amene anakonza chida cha ColorBrewer, anazigawa patatu. Pali zinthu zosiyana chabe popanda chachikulu kapena chaching'ono, monga chimanga, mpunga ndi chinangwa. Zimenezi zimafuna mitundu yosiyana koma yolemera mofanana. Pali zinthu zokwera kuchoka pa zochepa kufika pa zambiri, monga kuchuluka kwa anthu pa sikweya kilomita; zimenezi zimafuna mtundu umodzi woyamba mowala n'kumadera. Ndiye pali zinthu zokhala ndi pakati, monga mvula yoposa kapena yoperewera pa mlingo wa masiku onse m'chigwa cha nyanja ya Chilwa. Zimenezi zimafuna mitundu iwiri yokumana pa woyera kapena wotuwa pakatipo.

Mtundu wa bungwe umagwira bwino kwambiri pa gulu lachiwirilo. Ngati bungwe lanu ndi labuluu, tengani buluuyo akhale mathero akuda, ndipo scale_fill_gradient() ikupangirani makwerero kuchokera pa wowala. Mapu a maboma 28 atuluka ooneka a bungwe lanu komanso owerengeka. Pa gulu loyamba ndi pomwe pamabuka mavuto. Kabuku kali ndi mitundu itatu, inu muli ndi mbewu zisanu ndi ziwiri. Ena amangothira madzi mitundu yomweyo, kupanga buluu wakuda, buluu wapakati ndi buluu wowala. Diso la munthu likaona zimenezo limaganiza kuti wakudayo ndiye wamkulu kapena wofunika, pamene inu simunatanthauze zimenezo. Pa gulu lachitatu, ngati bungwe lili ndi mtundu umodzi wokha, muyenera kubwereka wachiwiri kunja kwa kabukuko, ndipo mupemphe chilolezo msanga, lipoti lisanafike posindikiza.

Chachiwiri chovuta n'chakuti kuno ku Malawi mitundu ili kale ndi eni ake. Chibwerereni ndale za zipani zambiri mu 1993 ndi 1994, ngakhale mwana amadziwa kuti wachikasu ndi wa UDF. Wabuluu ndi wa DPP, waolenji ndi wa PP, wofiira ndi wa UTM, ndipo wobiriwira, wofiira ndi wakuda pamodzi ndi ya MCP. Mukajambula mapu a umphawi n'kupaka Zomba, Machinga ndi Mangochi chikasu, kapena Thyolo ndi Mulanje buluu, pamsonkhano wa khonsolo wina adzaimika dzanja, ndipo funso lake silidzakhala la umphawi. Kompyuta siidziwa zimenezi. Wolemba kabuku ka bungwe ali ku London kapena ku Geneva sazidziwanso. Odziwa ndinu. Mwina mwaona kuti pa khodi ija sindinapatse Kumwera buluu kapena Pakati wobiriwira, ndinachita dala.

Kuzaumoyo nkhani ndi yolemera kuposa apa. Mayi aliyense amene amapita ndi mwana kusikelo amaidziwa tepi yoyezera mkono. Kwa ana a miyezi 6 mpaka 59, muyeso ukatsika pansi pa masentimita 11.5 umagwera pofiira, kutanthauza kuti mwana wanyentchera kwambiri ndipo akufunika chithandizo msanga. Pakati pa 11.5 ndi 12.5 ndi pachikasu, kupitirira apo ndi pobiriwira. Alangizi a zaumoyo agwira ntchito zaka zambiri kuti tanthauzo limeneli likhazikike m'mitu ya anthu. Ndiye taganizani bungwe lomwe mtundu wake ndi wofiira likupachika tchati pachipatala, ana onse ochira litawapaka zofiira chifukwa kabuku katero. Likuphwasula zomwe anzake anamanga. Chimodzimodzi mapu a njala omwe komiti ya MVAC imatulutsa potsatira ndondomeko ya IPC: magawo ake asanu ali ndi mitundu yake yokhazikika, kuyambira wobiriwira wowala, wachikasu, waolenji, wofiira, mpaka wofiira wodera. Anthu a m'mayiko ambiri anagwirizana pa mitundu imeneyi kuti mapu a Malawi aziwerengeka mofanana ndi a Somalia. Palibe bwana amene ali ndi ufulu woisintha. M'fayilo yanu ya maonekedwe muike mndandanda wapadera wa mitundu yotereyi, ndipo mulembe pambali pake kuti iyi siyokhudza.

Chachitatu ndi maso a owerenga. Pali anthu amene sasiyanitsa bwino wofiira ndi wobiriwira. Pakati pa azungu a kumpoto kwa Europe ndi pafupifupi mwamuna mmodzi mwa 12 aliwonse, ndi mkazi mmodzi mwa 200. Kuno ku Africa ndi ochepa kuposa pamenepo, koma alipo, ndipo ambiri sadzidziwa. Tengani chitsanzo chomwe tonse tikuchidziwa. Airtel ndi yofiira, TNM ndi yobiriwira. Munthu wofuna kuyerekeza makampani awiriwa pa tchati mwachibadwa apatsa iliyonse mtundu wake, ndipo ambirife tiwerenga mosavuta. Koma kwa m'bale wathu wosasiyanitsa wofiira ndi wobiriwira mizere iwiriyo itha kuoneka ngati umodzi. Mitundu itatu ndinalemba pa khodi ija ndinaitenga pa mndandanda umene akatswiri awiri a ku Japan, a Masataka Okabe ndi a Kei Ito, anakonza kuti anthu otere azitha kusiyanitsa. Palinso viridis, yomwe inakonzedwa mu 2015 ndipo Matplotlib inaitenga kukhala yake ya masiku onse mu 2017. Imayamba ndi pepo wakuda n'kuthera pa chikasu, ndipo kuwala kwake kumakwera mwadongosolo moti ngakhale mutachotsa mitundu yonse imawerengekabe.

Mfundo yomalizayi ndi imene imatikhudza kwambiri pano pa Songani. Tchati chanu mumachikonza pa laputopu yowala bwino, koma chimakathera kuti? Chimakathera pa fotokope yakuda ndi yoyera, tona itatsala pang'ono, kenaka chimakhomedwa pakhoma la ofesi ya ahedi kapena pakhonde la chipatala pomwe dzuwa limachiwomba mpaka mitundu kufwifwa. Chikapanda kutero chimatumizidwa pa WhatsApp n'kuonedwa pa foni yaing'ono yosweka galasi. Wofiira ndi wobiriwira olemera mofanana akalowa mu fotokope amatuluka otuwa mofanana. Choncho pa tchati chilichonse yesani kaye: chisindikizeni chopanda mitundu muone ngati uthenga udakalipo. Ndiponso musamadalire mtundu wokha. Mzere wina ukhale wodukizaduka, wina wathunthu. Dzina la mzere lilembedwe kumapeto kwa mzere womwewo m'malo mwa kabokosi kapambali komwe kamachititsa diso kupita uku ndi uku. Pa zilembo, malangizo a WCAG amati kusiyana kwa kuwala pakati pa chilembo ndi pepala kusachepere 4.5 kwa 1. Zilembo zachikasu papepala loyera sizifika pamenepo ngakhale chikasucho chikhale cha kampani yolemera bwanji.

Za pepala lakuda kumbuyo, zomwe achinyamata mumazikonda chifukwa zimaoneka zamakono, ndingonena kuti wogula tona si inu.

Nanga mtundu wa bungwe tiuike pati kuti bwana asangalale koma wowerenga asavulale? Njira imene ine ndimaikonda ndi iyi. Pakani chilichonse motuwa, kenaka chinthu chimodzi chomwe mukufuna kuti anthu aone chipatseni mtundu wa bungwe. Tinene kuti mukuonetsa maboma onse 28 koma nkhani yanu ndi ya Zomba. Mizati 27 ikhale yotuwa, wa Zomba wokha uvale mtundu wa bungwe. Kapena mukuonetsa kalembera kuyambira 1966, pamene tinali anthu pafupifupi 4 miliyoni, kudzera 1977, 1987, 1998 ndi 2008 mpaka 2018. Mizati isanu ndi umodziyi sifunika mitundu isanu ndi umodzi, chifukwa yonse ikuyeza chinthu chimodzi. Isanu ikhale yotuwa, wa 2018 uwale. Mu khodi ndi ntchito ya mzere umodzi: ifelse() imafunsa ngati boma ndi Zomba, n'kupereka mtundu woyenera. Mudzadabwa kuti mtundu wa bungwe umaoneka kwambiri ukakhala pamalo amodzi kusiyana n'kuti uthiridwe ponseponse. Pa fotokope nawonso mzati wakudawo umaonekera patali.

Mawu awiri pa fonti. Fonti zambiri za makampani n'zogula, ndipo kompyuta ya mnzanu ikakhala ilibe, R imangosankha ina mwakachetechete, zilembo n'kusefukira kunja kwa tchati. M'fayilo yanu tchulani fonti ina yaulere yogwiritsa ntchito yoyambayo ikasowa. Yesaninso ngati fontiyo ili ndi chilembo cha ŵ, chifukwa ena mwa inu mumalemba matchati m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka, ndipo fonti yopanda chilembochi imaika kabokosi pakati pa mawu. Kukula kwa tchati nako kulembedwe mu khodi, mu ggsave(): kwina kwa pepala la A4, kwina kwa foni, kwina kwa pulojekita. Zilembo zowerengeka pa A4 zimasanduka nyerere pafoni.

Pali chinthu chimodzi chimene theme sichiritsa. Tchati cha mizati chomwe sichiyambira pa ziro chimanama, ngakhale chivale bwino chotani. Ngati sukulu ina yakhoza ndi 70 pa 100 ndipo ina 75, koma mzere wanu wayambira pa 65, yachiwiriyo ioneka ngati yaposa inzake kawiri. Choopsa n'chakuti tchati chokhala ndi logo ndi mitundu ya bungwe anthu amachikhulupirira kwambiri, chifukwa chimaoneka kuti chadutsa m'manja mwa akuluakulu. Mukaika logo mwasainira m'dzina la bungwe lonse.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu ndinu aang'ono pantchito, ena mukungodzipereka, ndipo kuuza bwana kapena wopereka thandizo kuti mtundu wake sukuyenera pa tchati ichi si chinthu chapafupi. Musakangane naye pakamwa. Popeza zonse zili mu khodi, kupanga matchati awiri ndi ntchito ya mphindi zochepa. Pangani china motsatira kabuku ndendende, china mwa njira takambiranayi, muzichititse fotokope zonse ziwiri pano pamsika, mukaziike patebulo pake. Akuluakulu ambiri ndi anthu anzeru, adzasankha okha. Akavomera, pemphani kuti zomwe mwagwirizanazo zilembedwe m'fayilo ya maonekedwe, ndi ndemanga yofotokoza chifukwa chake, kuti wobwera pambuyo panu asadzayambirenso mkangano womwewo. Fayiloyo isakhale pa fulashi ya munthu mmodzi. Anthu amasintha ntchito, mafulashi amatayika, mapulojekiti amatha.

Kwa inu aphunzitsi ndi amene mukuphunzira uphunzitsi ku Domasi College of Education, mwina mukuti ife tilibe makompyuta m'kalasi. Choko cha mitundu chimamvera malamulo omwewa. Mwana amene mwamuphunzitsa kufunsa kuti "mzati uwu n'chifukwa chiyani uli wofiira?" adzakhala wovuta kumupusitsa akadzakula.

Pempho langa ndi ili. Sabata ino isanathe, aliyense atenge tchati chimodzi chomwe bungwe lake linatulutsa kale, achichititse fotokope yopanda mitundu, achipereke kwa munthu amene sagwira nawo ntchito, kaya ndi mayi wogulitsa tomato kaya wakabaza, amufunse kuti akuonapo chiyani. Zomwe ayankhezo mukazilembe pamwamba pa fayilo yanu ya maonekedwe musanalembe mzere wina uliwonse wa khodi.